Revo ya Bambo Anga pa Msewu wa ku Chipinge

Tinanyamuka ku Ruda sikisi koloko m'mawa, ine ndi bambo anga. Mwana wanga Chisomo anali atamaliza maphunziro a zosoka ndipo ankatsegula kashopu kake ku Gaza, komboni ya ku Chipinge. Anapempha kuti agogo ake, amene ndi mkulu wa mpingo, akapempherere malowo pamaso pa anzake ndi makasitomala. Vuto linali buluku. Bambo anatuluka m'nyumba atavala revo yawo, buluku lofiirira lothina m'chiuno koma lotambalala kumiyendo, limene anagula akuthyola tiyi ine ndisanabadwe. Ndinachita manyazi m'malo mwa mwana wanga. M'chikwama ndinabisamo buluku lawo lakuda la kutchalitchi, ndi cholinga choti asinthe tisanafike.

Kombi ya ku Mutare inatidya madola asanu aliyense. Kondakitala anayang'ana Bambo kuyambira kumapazi.

"Mudhara, miyendo ya bulukuyi muilipirira mpando wake?"

"Mwana iwe," anatero Bambo, "nthawi yathu wovala chonchi ankatchedwa shasha. Ndikadutsa pa kompaundi, azimayi ankasiya kusinja."

Pamene kombi inkakwera mapiri, nthochi zikugubuduka pansi pa mipando, Bambo anatsegula sukulu yaulere. Amati wongosamba ndi kusita ankatchedwa simati, mawu otola kwa azungu a ku ofesi. Wotchena ankaposa pamenepo, ndipo iwo amakhulupirira kuti mawuwo ndi a Chishona, onena za kuyera, chifukwa kusunga malaya oyera pa esiteti ya dothi lofiira sinali ntchito yamasewera. Shasha ndiye anali pamwamba: akagula chinthu Loweruka, Lamlungu linalo kompaundi yonse yavala chomwecho.

Pa Sakubva, ku Mutare, tinafika cha m'ma teni. Ndinawalozera chimbudzi cholipira, n'kuwaonetsa buluku lakuda lija. Anangoti, "Ndasita ndekha revo iyi," n'kugula dzira lowiritsa. Mayi wogulitsa mazirayo, wa msinkhu wanga, anandidzudzula m'Chishona.

"Siyai baba. Imi hamuna kumbova musalad here?"

Ankafunsa ngati ine sindinakhalepo musaladi, ndipo anandigwira pamenepo. Ifeyo ndife tinali masaladi, achinyamata amene ankati tikunyoza ndiwo zamasamba n'kumafuna saladi ngati ana a m'mayadi. Akulu athu ankatchedwa manozi, poti ankayankhulira Chingerezi m'mphuno. Ine saladi ndinali ndisanaidyepo, koma ndinali mtsikana woyamba ku Ruda kuvala jini yothina, ndipo Bambo anandibweza pakhomo la tchalitchi. Kunena zoona, ndinkadziona kuti ndidakali m'gulu la otsogola, ndipo tsikuli ndinali nditavalanso yothina.

Basi ya ku Chipinge inali madola asanu ndi atatu. Pofika ku Nyanyadzi, kumene amagulitsa malambe ndi mikeka m'mbali mwa msewu, kunatentha ngati m'khitchini ya malata. Ndinayesanso mwayi, koma Bambo anagwedeza miyendo n'kunena kuti revo imayenda ndi mphepo yakeyake. Ine m'jini yanga thukuta linali kamukamu.

Pambali pathu panali mtsikana wa ku koleji. Ndinamufunsa kuti masiku ano wovala bwino amamutcha chiyani.

"Tinoti ane dripu," anayankha.

"Nanga musaladi?"

Anaseka mpaka kugwira pakamwa. "Mawu amenewo amanena ndi mhamha anga."

Ndinaganiza kuti mayi akewo ndi munthu wodziwa zinthu, n'kupitiriza kumung'unya malambe anga.

Titakhota pa Tanganda, msewu unayambanso kukwera ndipo kunazizira. Minda ya tiyi itayamba kuoneka, Bambo anasiya nthabwala n'kumangoyang'ana pawindo, pakuti kuno ndi kumene anayambira ntchito atachoka ku Mulanje. Ine, mopanda nzeru, ndinasankha nthawi yomweyo.

"Bambo, mukamuchititsa manyazi mwanayu."

Anayankha osatembenuka. "Chabwino, amake Chisomo. Tikafika ndisintha."

Ndinapambana, koma mtima unandipweteka. M'tawuni tinatsika basi n'kukwera kombi.

Kombi ya ku Gaza inatitsitsa cha m'ma folo, ndendende pakhomo pa shopu, anthu atasonkhana kale. Pobisala panalibe. Chisomo anathamanga n'kugwada kupereka moni kwa agogo ake, koma sanadzuke. Anagwira mpendero wa buluku n'kuutembenuza.

"Sekuru, iyi mwaitenga kuti? Makasitomala akundivutitsa kufuna zotambalala chonchi, ine pateni ndilibe."

Anaitana anzake. Wina anabweretsa tepi, wina pepala ndi pensulo, ndipo pemphero linachedwa theka la ola chifukwa m'busa wa tsikulo ankayezedwa miyendo. Bambo anaima nji, manja m'chiuno, osandiyang'ana n'komwe. Pofuna kukonza mlandu wanga, ndinakweza mawu.

"Agogo anuwa ndi musaladi weniweni."

Chisomo anabwera pafupi n'kundinong'oneza. "Mhamha, mawu amenewo musawanenenso, anzanga akumva." Anayang'ana jini yanga mwachifundo, n'kundipatsa foni. "Inuyo mutijambule."

Pa chithunzicho pali aliyense kupatula ine. Ndinali nditayenda tsiku lathunthu kulondera munthu wachikale, osadziwa kuti wachikaleyo ndine, ndipo zinandiwawa kuposa mmene ndikanavomerera pagulu. Pemphero litatha, Bambo anandipeza ndili ndekha pa benchi, n'kundigawira theka la banzi lawo.

"Usaitaye jini yakoyo," anatero motsitsa mawu. "Uipinde bwino, uikemo mankhwala a njenjete. Yangayi yadikira zaka makumi asanu."