Mbewu zitatu pa phando

Achimwene, lero sindikukhazikika. Ndasesa pakhomo kawiri, ndafika kudimba ndaiwala chomwe ndimakatenga. Tadala wanu uja, munamusiya ali Folomu 2, pano ndi mphunzitsi ku Malomo! Wandiimbira m'mawa uno kuti, "Azakhali, Lolemba mubwere ndi khasu ndi mbewu ya chimanga, ana a m'kalasi mwanga masamu a matayimuzi akuwavuta." Ine nthungululu pafoni pomwepo mpaka mwana kudula. Basi ndakumbukira tsiku lija munabwera ndi kalasi yanu yonse kumunda kwanga ku Msakambewa, ine ndikubzala, matope okhaokha. Munati, "Ana inu, mayi awa akuponya mbewu zitatu pa phando. Mapando seveni, mbewu zingati?" Ana anayamba kuwerenga zala. Ine ndinangoti "twente wani" osadzutsa ndi mutu womwe. Munaseka mpaka kugwira m'mimba: "Mwamva? Wolekezera Sitandade 3 ameneyo!"

Kenako munandipempha kuti ndizibwera kusukulu kudzathandiza. Ndinakana, ndinkati ndikachita manyazi pamaso pa anthu ophunzira. Munapempha katatu konse, mpaka matenda anakutengani ndisanavomere. Zimenezo zimandiwawabe. Tsono Lolemba ndikupita, achimwene, ndikwera minibasi yoyamba. Mwina ndikaima pamaso pa ana mawu akandithawa, mwina akandiseka. Aseke! Inu ndinakukanani, koma mwana wanu sindimukana ayi. Usani mumtendere, koma Lolemba lokhalo mutsegule diso limodzi mundione.