Zala Ziwiri za a Gaspar

A Gaspar a ku Ntengo-Wambalame, m'chigawo cha Tete, ndi mlimi wa mbatata ya kachewere ngati anzawo onse, koma amadziwa chinthu chimene pamudzi ponse palibe wina wochidziwa: gofu. Nthawi ya nkhondo anathawira ku Malawi, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri ankanyamula zikwama za osewera pabwalo lina la gofu ku Blantyre. Anaphunzira ndi maso okha. Atabwerera kwawo mu 1994 anakwatira a Celina n'kugwira khasu, za gofuzo zinangotsala nkhani yoseketsa anthu pa mowa.

Chaka chatha, mutu uli mbuu ndi imvi, anaitanidwa ndi Eusébio, wamalonda wa pa Tsangano amene amagula kachewere wa dera lonselo. Anzake a ku Lilongwe anali atamuitana kukasewera gofu. Ndodo zonyezimira anagula, koma ngakhale kagwiridwe kake sankakadziwa.

Ankaphunzira kuseri kwa armazém yake, nyumba yosungiramo kachewere, onyamula matumba akuonerera.

"Patrão, mapazi atalikirane molingana ndi mapewa," anatero a Gaspar. "Mawondo apindike pang'ono."

"Iwe mdala, ndakuitanira kumenya kampira, osati kuvina."

Antchito anaseka. Eusébio ankakweza ndodo ndi mikono yokha ngati akuwaza nkhuni, potsitsa n'kukumba dothi.

"Popititsa ndodo kumbuyo musathamange. Tembenuzani mapewa, mkono wamanzere ukhale wowongoka, mutu usadzuke."

Timipira tikagwera m'minga, okatola anali a Gaspar omwewo. Komabe sabata yachitatu kampira katauluka mpaka kudumpha mpanda, iwo anaomba m'manja ndi mtima wonse. Kunyumba anauza a Celina kuti bwanayo m'kamwa ndi moipa, koma mkono ali nawo.

Loweruka lina kunabwera alendo atatu ochokera ku Tete. Eusébio anafuna kuwaonetsa luso, koma anaphonya katatu konse.

"Mwadzutsanso mutu, patrão," a Gaspar analankhula monga mwa masiku onse.

Alendo anaphulika ndi phwete. Nkhope ya Eusébio inasintha.

"Vuto ndi dothili, kampira kakumira. Gwada, ukagwirizire ndi zala."

"Patrão, zimenezo sizichitika."

"Ndiye kachewere wako ukagulitse kwina. Ndi wa akwanu onse."

Kumudzi kwawoko galimoto yogula kachewere imene imafikako ndi ya Eusébio yokha. A Gaspar anayang'ana antchito aja, onse maso ali pansi. Anagwada, natambasula dzanja lamanja, kampira kali pansonga za zala.

Ali pansipo anaona zonse. Mapazi anali pabwino. Ndodo inapita kumbuyo pang'onopang'ono, mapewa akutembenuka, mkono uli wowongoka ndendende mmene anamuphunzitsira. Koma ndodo isanatsike, mutu wa Eusébio unadzuka. A Gaspar anatsinzina.

Kunamveka kuti khwa! Kampira kanangogubuduzika pafupi pomwepo. Zala ziwiri zinali zitathyoka, magazi akudonthera pa dothi.

Eusébio anapukuta ndodo yake pa buluku, naiyang'anitsitsa ngati yakalika.

"Wasuntha dzanja, mdala."

Mlendo mmodzi anasekabe. Wonyamula matumba wina ndiye anawakweza a Gaspar pa njinga yamoto kupita nawo ku centro de saúde, chipatala chaching'ono cha m'deralo.

Zala zija zinapola zili zopindika. Khasu saligwiranso bwino, moti mizere yambiri amaunga ndi a Celina okha. Eusébio ku Lilongwe anapita, ndipo aliyense womufunsa amamuuza kuti gofu anaphunzira yekha pa foni.

Mwezi watha anatuma dalaivala wake kumudzi kuja: mlamu wake akufunanso kuphunzira, mdala abwere. A Celina anaima pakhomo, manja m'chiuno, nayankha kuti amuna awo akudwala, sangathe kuyenda. Galimoto inabwerera. Atalowa m'nyumba anapeza a Gaspar atakhala pa mphasa, nsapato atavala kale.