Masamba a Pamsewu

Kwathu kuno maliro akagwa, anyamata amathyola nthambi zaziwisi n'kuziyala pamsewu, uku ndi uku kwa mudzi. Wa njinga amatsika, wa galimoto amachepetsa liwiro, wovala chipewa amavula. Palibe amene amakuuza, umangokula ukudziwa.

Ndagwira unamwino zaka zambiri pachipatala chaching'ono cha ku Ntengo-Wambalame, ndipo patapita nthawi adandiika kuti ndiziyang'anira gulu lothamangira odwala mwadzidzidzi. Gulu lake lidali dzina chabe: ine, anzanga awiri osinthana nawo, ndi woyendetsa ambulansi m'modzi yekha, amene tonse tinkangoti amotorista. Adali bambo wachikulire, wokulira kothawa nkhondo ku Malawi, wanthabwala zosatha. Ankandinena kuti ndimayenda ngati ndikupirikitsa mbuzi m'munda wa nyemba, ine n'kumawabwezera kuti galimoto yawo imatsokomola kuposa odwala. Koma akaona masamba a maliro sankaseka. Galimoto inkachita kukwawa, chipewa chili pabondo.

Dzinja lina tidanyamula mayi wachitsikana amene adaberekera kunyumba, magazi osaleka. Msewu udali phala lokhalokha. Ine ndidali naye kumbuyo, dzanja limodzi likukanikiza pamimba pake, lina litagwira botolo la soro, madzi a diripi, kuti lisagwe. Adandifunsa ngati mwana wake wayamwa. Ndidati inde, ngakhale sindinkadziwa, poti khandalo lidatsala ndi agogo ake. Tisanafike pamlatho adaleka kupuma. Ndidagogoda pagalasi lotilekanitsa, amotorista adaima, adandiyang'ana, n'kutembenuza galimoto osafunsa kanthu. Tidamubweza kwawo, tidamutsitsa ndi manja athu, n'kuthamangira kuchipatala poti tidasiya anthu pamzere.

M'mawa mwake kudabwera uthenga wa mwana wokomoka ndi malungo, kumudzi wa kuseri kwa mudzi wa malemu uja. Popita tidalambalala pamaliropo, tidadzera kanjira ka m'minda ya mbatata ya kachewere. Mvula idatipeza konko, kanjira kaja kadasanduka mtsinje, ndipo pobwerera ndi mwanayo padalibenso kwina kodzera koma msewu wa pamaliro pomwepo. Masamba tidawaonera patali. Anthu adali atadzaza mpaka m'mphepete mwa msewu, akwaya akuimba, bokosi likutuluka kumene m'nyumba. Ndidamva galimoto ikuyamba kufooka. Mwana adali atauma gwa m'manja mwanga, maso atatembenuka. Ndidamenya galasi n'kuwauza amotorista kuti asaime. Adaliza sireni, adaponda masamba aja, matope n'kuwaza amayi amene adali kutsogolo. Mwanayo adachira, ndipo palibe wa m'mudzimo adabwera kudzadandaula.

Nthabwala za amotorista ndi zimene zidayamba kutha. Kenako chakudya chimene akazi awo ankawamangira chidayamba kubwerera kunyumba chosakhudzidwa. Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, adachepetsa liwiro pamsewu woyera, mpaka kuvula chipewa. Ndidayesa aona mbuzi. Atachitanso kachiwiri ndidawafunsa chimene chavuta.

"Masamba, a shefi. Kodi simukuwaona?"

Padalibe ngakhale tsamba limodzi.

Ndidachita mantha, ndipo ndisaname, ndidakwiyanso. Ndikadawanena kwa mabwana athu a ku distrito akadawachotsa pachiwongolero, ambulansi n'kugona pabwalo miyezi podikira wina, kwinaku anthu akufera pamachira. Kukhala chete nakonso kudali kudikira tsiku loti adzaime pamsewu wopanda kanthu ine ndili ndi munthu wotaya magazi kumbuyo. Kumisonkhano ankatiphunzitsa za estresse, kulemedwa maganizo, ankati mtsogoleri azikhala pansi ndi anthu ake n'kumacheza nawo. Ndidayesa, tidakhala pansi pa mtengo wa pichesi kuseri kwa chipatala. Adandiuza kuti mutu wawo uli bwinobwino, kungoti galimoto ikakhala yopanda wodwala amamumva mayi uja kumbuyo, akufunsa ngati mwana wayamwa. Mawu amenewo ndidali ndisanauzepo munthu, ndipo tsiku lija galasi lidali lotseka.

Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi ndidawatenga wapansi kupita kumudzi kuja. Sindinkadziwa chimene ndikukachita, ndinkangodziwa kuti mankhwala a m'kabati mwanga alibe ntchito pa nkhaniyi. Tidapeza amayi ake a malemu akusenda nyemba pakhonde, khanda lija lili kumbuyo, lonenepa ndithu, poti linkayamwa kwa mng'ono wake wa malemuyo. Adatiyalira mphasa. Amotorista adayamba kupepesa za masamba, za matope, za sireni. Mayiwo adangomvetsera, maso ali m'lichero, kenako adati:

"Zamasambazo zisiyeni, bambo. Tidamva kuti mudanyamula mwana wodwala. Ine chidandiwawa n'chakuti mudatitsitsira mtembo n'kuchoka osasamba m'manja. Adzukulu onse okumba manda adasamba. Nanga inu malirowo mudapita nawo kuti?"

Adalowa m'nyumba, adatuluka ndi beseni ndi chikho cha madzi. Amotorista adagwada pabwalo, adatambasula manja, mayiwo n'kumathira pang'onopang'ono. Adasamba mpaka m'zigongono, adasamba kumaso, kenako adalira mokweza, bambo wamkulu wa imvi, anthu odutsa n'kumayang'ana kumbali. Ine ndidaima chapatali nditawagwirira chipewa, mtima uli m'malo kuti ntchito yanga yatheka.

Adayendetsanso zaka zingapo osaima pamsewu woyera. Nthabwala zidabwerera, ngakhale sizidafike pakale. Pano adapuma, akulima kachewere kwawo ku Tsangano, ndipo tikakumana pamsika amandifunsabe ngati mbuzi zija ndidazigwira.

Madzi aja adathiridwa pa munthu m'modzi. Mayiwo sadaganize za ine, mwina poti ndidabwera ngati woperekeza, mwina poti anthu amayesa kuti namwino adazolowera. Inenso manja sindidatambasule. Shefi akagwada pabwalo n'kulira, otsalawo atsamira pa yani? Ndidati ndidzabwera ndekha tsiku lina, koma ntchito siyitha, ndipo mayiwo adamwalira ndisanapite.

Woyendetsa wa masiku ano ndi wachinyamata, amayenda akumvera nyimbo za pafoni. Tikasiya wodwala kuchipatala chachikulu amandiitana kuti ndikhale kutsogolo, koma ine ndimakhala kumbuyo ndekha, manja ali pamiyendo. Tikayandikira pamlatho paja ndimamumva mayi uja akufunsa ngati mwana wake wayamwa. Ndimamuyankha motsitsa kuti inde, adayamwa, ndidamuona ndi maso anga. Koma ulendo wotsatira amafunsanso.