Chipewa Chachiwiri

Alendo ambiri amene anagonapo m'nyumba zitatu za pamwamba pa phiri zija sadziwa dzina la mayi amene ankawaphikira. Ankawadziwa ndi mawu okha. Mlendo akatsika sitima yapamadzi ndi njinga yake yamoto, n'kuimba nambala ya malo ogonawo, ankamva mawu ofatsa akuti, "Tikulandirani. Muli pa doko liti?" Dzina linachokera pomwepo. Ngakhale amuna awo, akafuna kuwaseka, ankati, "Mayi Tikulandirani, tiyi wapsa?"

Madoko analipo awiri, lalikulu ndi laling'ono, ndipo mayiwa ankadziwa njira yochokera ku lililonse. Ankadziwa kuti wochokera ku doko lalikulu amatsata tala mpaka pomwetsera petulo, n'kukhota pa chigayo, n'kuyamba chikweza cha fumbi. Ankadziwa pamene pali mchenga wobisika, pamene mbuzi zimagona pakati pa msewu, ndi pamene foni imasiya kugwira. Koma msewuwo anaudutsa kamodzi kokha, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi zapitazo, tsiku limene ankasamukira kuno. Anali kumbuyo kwa lole, pakati pa bedi ndi mapoto, atafunda lona chifukwa cha mvula. Msika ndi chipatala zinali mbali inayo ya phiri, ulendo wapansi, choncho njira ya kumadoko sanaipondenso.

Msewu anauphunzira pa beseni lochapira. Thalauza likabwera ndi dothi lofiira m'maondo, ankadziwa kuti mwini wake wagwa pa chikweza cha chigayo. Fumbi loyera m'kolala linali la pophwanyira miyala. Matope akuda onunkha anali a kudambo. Akamapereka madzi osamba ankafunsa mwakachetechete, "Munagwa pati? Panali chiyani pafupi?" Mayankhowo ankawasunga mumtima, n'kudzapatsa mlendo wotsatira.

Amuna awo ankatchedwa Namulondola. Ntchito yawo inali kutsikira kudoko, kutsogolera alendo oopa kusochera, ndi kunyamula kumbuyo kwa njinga amene abwera opanda yawo. M'buku la alendo munadzaza dzina lawo. "Zikomo Namulondola, popanda inu tikanagona m'tchire." Za mayi munkalembedwa kuti, "Mabedi aukhondo, chakudya chokoma," popanda dzina, ngati kuti mabediwo ankadziyala okha.

Pa msomali wa pakhonde la khitchini pankapachikidwa chipewa chachiwiri choteteza mutu pa njinga, cha wokwera kumbuyo. Aliyense akachivala, mayi ankachotsa kansalu ka m'kati n'kukachapa. Ankapezamo thukuta, mafuta odzola m'mutu, nthawi zina tsitsi lalitali limene ankalikulunga pachala asanalitaye. Chipewacho chinali chitavalidwa ndi mitu yoposa mazana awiri. Mutu wawo wokha ndi umene sunalowemo.

"Alendo akatha ndikutengani mukaone sitima," bambo ankatero chaka ndi chaka. Koma alendo akatha mvula inkayamba, msewu n'kuterera. Mvula ikatha alendo ankayambiranso.

Zonsezi akanazipirira pakadapanda Majombo.

Majombo anali mzimayi wa msinkhu wawo womwewo, wa imvi m'mbali mwa mutu, amene ankabwera chaka chilichonse mvula ikamatha. Ankabwera yekha, pa njinga yake yakuda, popanda womunyamula. Dzinalo anamupatsa ndi mayi, mumtima mwawo, chifukwa ankavula majombo ake pakhomo n'kuwasiya pomwepo, ndipo m'mawa ankawapeza oyera osafunsa kuti ayera bwanji. Madzulo iye ndi bambo ankakhala pakhonde n'kumakambirana za tcheni, za matayala, za kona ina yake imene onse awiri ankaikonda. Bambo ankaseka mpaka kutsokomola, kuseka kumene m'nyumba mwawo sikunkamveka.

Mayi ankadziwa kuti palibe choipa chimene chinkachitika. Woyala mabedi sabisidwa kanthu. Ndiye chinkawapweteka kwambiri ndi chomwecho. Pakanakhala mlandu akanalalata, akanaitana ankhoswe, akanalira. Koma munthu ungadandaule kwa ndani kuti amuna anga akuseka? Ankangobweretsa tiyi, n'kuima pang'ono ndi thireyi m'manja, kumvetsera anthu awiri akukamba za kona imene iwo ankailongosola pa foni sabata iliyonse koma sanaionepo.

Chaka china, tsiku lofika Majombo, bambo anadzuka m'mamawa n'kumeta ndevu. Anapukuta njinga kawiri.

"Mukupita ku ukwati?" anafunsa mayi akusita mashiti.

"Kudoko."

"Sitima imafika masana."

"Mumaidziwa sitima inu? Nthawi zina imafulumira."

"Ndingaidziwe bwanji ine sitima," anatero mayi, n'kukanikiza simbi.

Bambo anamva kapena sanamve. Anavala jekete n'kutsika phiri, kulunjika ku doko lalikulu, kumene Majombo ankatsikira zaka zonse.

Cha m'ma 11 koloko foni inalira.

"Tikulandirani. Muli pa doko liti?"

"Achemwali, ndine!" Anali Majombo. "Mphepo yavuta, sitima yatitsitsa pa doko laling'ono. Bambo sakuyankha foni. Kuno sindinadutseko chiyambire. Ndilowere kuti?"

Mayi anaika mpeni wa anyezi pansi. Kuchokera ku doko laling'ono, msewu unkafika pa mphambano. Njira ya kumanzere inali yaifupi: mlatho wamatabwa, kenako kutulukira pa chigayo, ola limodzi basi. Pa chigayo pomwepo ndi pamene bambo akanadutsa pobwerera. Akanakumana, akanakwera chikweza limodzi mopikisana monga mwa masiku onse, n'kufika pabwalo akuseka, fumbi lili m'mano. Njira ya kumanja inkazungulira kuseri kwa phiri, kudzera kudambo. Nayonso inkafika. Kungoti dzana kunagwa mvula.

"Mutsate msewu mpaka pa mphambano," anatero mayi. "Mukafika pamenepo mukhotere kumanja."

"Kumanja?"

"Kumanja."

Atadula foni anapitiriza kudula anyezi. Anadziuza kuti sananame, chifukwa njira zonse ziwiri zimabwera kuno.

Bambo anafika yekha nthawi ya nkhomaliro itadutsa. Anayang'ana pabwalo, n'kuyang'ana pakhomo la nyumba yachitatu pamene pankakhala majombo.

"Sanafike? Kudoko akuti sitima yaima kwina."

"Anaimba."

"Mwamuuza njira iti?"

"Yobwera kuno."

Bambo sanadye bwino. Ankangotuluka kukaima pa geti, manja ali m'chiuno. Mayi ankawaona pa windo, ndipo poyamba mtima unkawakomera pang'ono. Koma dzuwa litapendeka, mpunga unapserera pamoto iwo ali pompo. Anakumbukira mnyamata wina wa chaka chatha amene anathyoka phewa kudambo kuja. Malaya ake anachapa ndi iwo, magazi osachoka.

Foni italira anaitola isanalire kachiwiri.

"Achemwali," mawu anali a wefuwefu, "ndili m'matope mpaka m'maondo. Ndagwa kawiri. Kutsogoloku ndi madzi okhaokha."

"Mwavulala?"

"Ayi. Ulemu wokha ndi umene wavulala."

"Mukuona mpanda wa waya kumanzere kwanu?"

"Ndikuuona."

"Musadutse pakati. Tsikani, muikankhe njingayo m'mbali mwa mpandawo. Pansi pake pali miyala, eni ng'ombe anathira. Muwerenge mizati. Pa mzati wachisanu ndi chiwiri pali dzenje, mupatuke pang'ono. Mukadutsa pamenepo, mwatha."

Anakhala pa foni mpaka mizati yonse inatha, akumva kupuma kwa mzimayi winayo ndi kulira kwa matope.

Majombo anafika dzuwa lili pafupi kulowa, wakuda bii kuyambira m'chiuno mpaka kumapazi. Bambo anathamangira njinga, n'kugwada kuyang'ana tcheni, akudandaula ngati mwana wawo wadwala. "Kudambo? Anakuuzani ndani za kudambo nthawi ino?" Majombo anangoti, "Ndinafuna kuona dziko, bambo," n'kupita kukasamba.

Zovala zonse zija zinathera mu beseni la mayi: jekete, thalauza, magolovesi, zikwama ziwiri. Anatunga ndowa zinayi, madzi n'kumada nthawi yomweyo. Anaseka okha mowawa. Dzenje anakumba okha, ndipo ogweramo anali iwo omwe.

Ali wowerama choncho anamva mapazi. Majombo anabwera ndi majombo ake m'manja, n'kunjuta pambali pa mwala wochapira, n'kutola burashi.

"Asiyeni, nditsuka," anatero mayi.

"Mwatsuka zaka zisanu. Lero ndione momwe zimakhalira." Anapala matope kwa kanthawi. "Koma inu! Mzati wachisanu ndi chiwiri, dzenje lili pomwepo ndithu. Mwaidutsa kangati njira ya kudambo?"

"Sindinaidutsepo."

"Musandinamize."

"Ndimangomva kwa amene agwa."

"Nanga ya kuchigayo?"

"Kamodzi. Mu lole, nditafunda lona."

Burashi inaima. Kutsogolo kwa nyumba kunkamveka bambo akutsuka njinga yakuda, akuimba kanyimbo.

"Sitima munaionapo?"

"Pa kalendala."

Majombo anayambanso kupala, koma pang'onopang'ono. "Pa mphambano paja pali chikwangwani," anatero osayang'ana. "Cha nyumba zanu zino. Muvi wake ukuloza kumanzere."

Mayi anasiya kuchapa. Chikwangwanicho anachipenta okha pa tebulo la kukhitchini zaka zapitazo, bambo n'kupita nacho pa njinga. Pamene chinakakhomedwa sanapaonepo, ndipo anali atachiiwala.

"Ndiye munapitiranji kumanja?"

"Ndinati mwini nyumba akudziwa chimene akuchita."

Mayi anafinya golovesi mpaka linasiya kudontha. Anafuna kupepesa, koma pakamwa panatuluka zina. "Bambo amaseka akakhala ndi inu."

"Amaseka za makona, achemwali. Inenso ndikafika kwathu palibe amene amafuna kumva za makona." Anaimika jombo limodzi padzuwa lotsala. "Mawa mudzuke msanga."

M'mawa, alendo a m'nyumba zina ziwiri atamwa tiyi, Majombo anafika pakhonde la khitchini n'kuchotsa chipewa chachiwiri pa msomali.

"Bambo, ndabwereka chipewa. Ndabwerekanso akazi anu."

Bambo anaima ndi kapu m'manja. "Mukupita nawo kuti?"

"Kukaona sitima."

"Aaa! Nanga mbalezi? Nanga alendo a masana akaimba?"

Mayi anapukuta manja, n'kuvula epuloni, n'kuwapatsa foni. "Muziyamba mwawafunsa kuti ali pa doko liti. Sopo ali pa windo. Mashiti a nyumba yoyamba asinthidwe."

"Koma mayi, ndinati ndidzakutengani ine."

"Munatero."

"Njinga yanga ndi imene ili ndi mpando wabwino kumbuyo. Iyoyo mukafika msana utauma."

"Khushoni ya mpando wanuyo ndinasoka ndine, ndikuidziwa," anatero mayi. Anaona nkhope ya amuna awo ikuchita chimene yawo inkachita zaka zisanu pakhonde paja, ndipo sanawamvere chisoni kwenikweni.

Chipewa chinawathina m'masaya. M'kati mwake munkanunkhira sopo wawo yemwe. Anakwera movutikira, siketi ataikulunga m'miyendo, n'kugwira m'chiuno mwa mzimayi amene dzulo lake anamuponya m'matope.

Chikweza chinali chotsetsereka kuposa momwe ankachinenera pa foni, ndipo anatseka maso mpaka anadzikalipira okha kuti lona uja wabwereranso. Atatsegula anaona chigayo. Chinali kanyumba kakang'ono kopentedwa buluu. Zaka zonsezi palibe amene anawauza kuti ndi cha buluu. Mbuzi zinali pomwe ankanena. Mchenga unali pomwe ankanena, ndipo anamenya Majombo paphewa asanafikepo, iye n'kugwedeza mutu. Kenako inafika kona ija. Njinga inapendeka, dziko lonse linapendeka nalo, ndipo mayi anamva kuseka kukutuluka m'chipewa mwawo, kuseka kofanana ndi kwa pakhonde kuja.

Kudoko kunali phokoso, fungo la dizilo ndi zingwe zonyowa. Sitima inali yaitali kuposa nyumba zawo zitatu kuziphatikiza. Inatsegula kukamwa, njinga zamoto n'kumatuluka imodzi imodzi. Mayi anaima ndi chipewa m'khwapa.

Foni ya Majombo inalira. Anayang'ana, n'kuseka, n'kuwapatsa.

"Mayi," anali bambo, mawu ali otsika. "Pali mlendo wachokera ku doko laling'ono. Ndamuuza kuti akhote pamene ndimakhota ine, koma akuti sakupadziwa."

"Muuzeni ayang'ane chikwangwani. Muvi ukuloza kumanzere."

"Nanga mukubwera nthawi yanji? Mashitiwa amapindidwa bwanji m'makona?"

"Ndidzakuonetsani," anatero, n'kudula.

Majombo anali atakhala kale pa njinga, akuvala magolovesi amene mayi anachapa dzulo. Mayi anayang'ana manjawo, momwe anagwirira zogwirira ngati mwini wake wa msewu wonse, ndipo kanthu kaja kanawalumanso pamtima, pamalo pomwe paja. Anayandikira, n'kugogoda thanki ya petulo ndi chala.

"Achemwali, mpando wakutsogolowu, munthu amauphunzira masiku angati?"