Kabokosi ka a Munther ndi Phazi la Abu Rakan

"Mwandiikira chidole, a Munther! Ndikaponda moto, galimoto imayamba yaganiza kaye ngati ikukapempha chilolezo kwa amake."

Anali Abu Rakan woyendetsa takisi, akukalipa pakhomo pa galaja ku Marka, dera la mumzinda wa Amman, madalaivala anzake atazungulira, tiyi ali m'manja. A Munther anangopitiriza kupukuta manja. Ndi mmene alili. Ndinawadziwa akuthandiza bambo awo kukonza magalimoto akale aja. Atabwera magalimoto a kompyutawa amakaniko ambiri anathawa, koma iwo anagula kamakina koyezera n'kudziphunzitsa okha. Matakisi ambiri okwera zitunda za Amman ali ndi kabokosi kawo pansi pa chiwongolero, kothandiza kuti galimoto iyankhe msanga ukaponda.

Koma sabata imeneyo sipanalowe takisi ngakhale imodzi. Mbiri inali itawanda yoti timabokosi tawo n'tachinyengo. Chinandikayikitsa n'chakuti Abu Rakan, munthu wosatha kusintha ngakhale fyuzi, ankatchula mawaya mayina ngati wina wamuloweza. Komanso mlamu wake Ziad anali atangotsegula shopu ya timabokosi kutsidya kwa msewu.

"Tiyeni tiiyese, madala," ndinatero. "Ine ndikhala kutsogolo."

Pachitunda choyamba galimoto inazengerezadi. Kenako ndinayang'ana pansi. Phazi lamanzere la Abu Rakan linali litatsamira pa buleki, kuzolowera kudikirira kilachi zaka makumi atatu. Galimoto zamakonozi zikamva buleki zimadula moto.

"Tachotsani phazilo."

"Phazi langa lalakwanji? Limakhala pomwepo iwe usanabadwe."

"N'chifukwa chake. Lakalamba, lilekeni lipume."

Analichotsa akung'ung'udza. Galimoto inakwera ngati yaona apolisi. Mdala uja ananena motsitsa kuti Ziad anakwera nayo kawiri, anakhala pomwe ndinakhala inepo, ndipo za phazi sananenepo kanthu. Ziadyo anangoti kabokosi n'kowola.

A Munther akuti tizisiye, anthu abwera okha. Ine ndakana. Galaja ikadali pululu, ndipo munthu wogulitsa timabokosi sangalephere kuona chimene ine wogulitsa fodya pamsewu ndinaona. Ziad awoloke msewuwo, aime pamaso pa madalaivala onse aja, atiuze: phazi lija analiona kapena sanalione?