Lole ya Emelia

Emelia wa kwa Mbenje ankagulitsa milamba youma, koma mtima wake unali pa msewu. Chiyambire utsikana, malole akamadutsa ankaima, dengu lili pamutu, n'kumawaperekeza ndi maso mpaka fumbi litatsika. Kuyendetsa sanaphunzire, banja ndi ana zinamupeza msanga.

Tsiku lina atatha kugulitsa ku Nchalo, anakabisala dzuwa m'kanyumba ka magemu ka mchimwene wake Gabriel. Pa TV panali lole ikukwera phiri la nkhungu. Gabriel anamugwiritsa chiwongolero chapulasitiki, ndipo Emelia anayendetsa mpaka minibasi ya kwawo inamusiya.

"Achimwene, ndikufuna yangayanga," anatero Emelia.

"Zilipo ziwiri, achemwali," anayankha Gabriel. "Kabokosi aka, konsolo, n'kotchipirako. Mungolumikiza ku TV, sola yanu ija ikwanitsa. Koma magemu ake ndi odula, ndipo kakafa, wokonza ndi wosowa. Kompyuta mtengo wake ndi wa ng'ombe, magetsi imadyanso kwambiri. Komatu imaonetsa ndi madontho a mvula omwe, ndipo ikakalamba mumangosintha chiwalo chimodzi."

Miyezi iwiri Emelia anangokhalira kulingalira. Akamayanika nsomba, ankati m'mawa konsolo, masana kompyuta. Utsi wowambira nsomba unkamuonekera ngati nkhungu ya paphiri paja. Mwamuna wake Lazaro, yemwe anali msodzi, ankamuseka: "Amake Linda, galimoto yosafika nayo ngakhale kuchigayo?"

Madontho a mvula aja ndi amene anamugonjetsa. Gabriel anamupezera kompyuta yogwirapo kale ntchito ku Blantyre, Emelia n'kuwonjezera batire lina la sola.

Kompyutayo inafika mu Okutobala, nthaka ikuwotcha mapazi. Tsiku loyamba inalira ngati chigayo, n'kuzima dzuwa lili paliwombo. Emelia anakhala pansi, akuganiza kuti konsolo ikanapirira. Gabriel pa foni anati yangotenthedwa. Lazaro sanasekenso. Anadula bango, anamanga kachisakasa pawindo kuti dzuwa lisamalowe, ndipo anakweza kompyutayo pa thandala pomwe mphepo ya ku Shire imadutsa.

Kuyambira apo Emelia amayendetsa m'mamawa kusanatenthe, theka la ola basi, asanapite ku nsomba. Wadutsa m'mizinda imene mayina ake satha kuwatchula, ndi pa milatho yaitali ya pamwamba pa nyanja. Lamlungu akaweruka kutchalitchi, amayi anzake amadzaza pa mkeka kumbuyo kwake, aliyense akutchula kumene akufuna kutsika. Lazaro amakhala pa mpando wa pambali, chipewa chili pa bondo, ndipo lole ikayandikira pokhota amagwira mpandowo mwamphamvu.

"Pang'onopang'ono, adalaivala," amatero. "Mwanyamula anthu."