Mphuno Imene Ndinaichepetsa

Nditangosamutsidwira ku maofesi a boma ku Nkhata Bay kuchokera kwathu ku Dedza, ndinagula buku lakale pamsika. Linali la zithunzi zoseketsa za alembi a ku Ireland ndi anthu olemera amene ankawathandiza. Mwina analisiya wansembe wina. Anthuwo sindinkawadziwa, koma mphuno zawo ndinazikonda. Mayi wina wothandiza alembiwo anamujambula ndi khosi lalitali ngati nkhafi.

Tinalipo asanu olemba ndakatulo, ndipo Loweruka lililonse masana tinkakumana mu lesitilanti ya amayi ena Achitonga, kumtunda kwa doko. Chipinda chakuseri ankatipatsa ulere, ndi tiyi yemwe. Popanda iwo gulu lathu likanatha kalekale.

Ndinayamba kujambula anzangawo monga za m'bukumo. Mphunzitsi ndinamukulitsa mano, wa kuchipatala dazi lake ndinalifikitsa kunkhongo. Amayiwo ankamata zithunzizo pakhoma, makasitomala n'kumaseka mpaka kutsamwa.

Tsiku lina amayiwo anandifunsa chifukwa chake iwo sindinawajambule. Apa ndiye ndinachita mantha. Mphuno yawo inali yaikulu ndithu, yooneka uli tsidya lina la msewu, ndipo ine ndinaleredwa kuti nkhope ya munthu wamkulu saiseka, makamaka amene akukumwetsa tiyi. Ndinaona kuti ndikangolakwitsa, chipinda chathu chapita. Ndinatha masabata awiri pa chithunzi chawo, ndikuchepetsa mphuno, kusalaza masaya ndi kumanga duku bwinobwino.

Atalandira chithunzicho anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayang'ana pakhoma paja.

"Ada, uyu ndi ndani?"

Ndinati ndi iwowo.

"Anzanuwa mwawajambula ngati abale anu. Ine mwandijambula ngati mlendo wongotsika sitima."

Sanatithamangitse. Tiyi ankabwera monga kale, koma ankangomuika patebulo n'kutuluka. Poyamba ankaima pakhomo kumvetsera ndakatulo zathu, nthawi zina n'kutiuza pamaso kuti iyi ndi yogonetsa tulo. Zimenezo zinatha, ndipo ndivomere kuti zinandiwawa.

Patapita miyezi ndinajambula china, mphuno yonse mmene inalili, n'kuonjezerapo pang'ono. Ndinayenda nacho m'chikwama masabata atatu, mantha omwe aja, mpaka kalata yondisamutsira ku Ntcheu inafika. Chithunzicho chikadali m'buku lija, patsamba la mayi wa khosi lalitali.